A Bulashi ndi Mivi ya Khonsolo

Lolemba m'mawa khonsolo ya mzinda inalengeza kuti mivi yonse yolozera anthu kothawira namondwe isinthidwa mtundu. Yobiriwira ichoka, pabwera yachikasu. Chikalata cha chilengezocho chinali ndi zidindo zitatu. Chinati komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi inakumana kanayi, ndipo itaunika mozama inapeza kuti munthu wothawa madzi amaona chikasu msanga. Pomaliza chinathokoza anthu onse chifukwa cha kudekha kwawo, ngakhale panalibe amene ankadziwa kuti akudikira kanthu.

Mumzinda wonsewo, nkhaniyi inakhudza munthu mmodzi yekha: a Bulashi, olemba zikwangwani.

A Bulashi anabadwira kumtunda, m'katauni kozizira ka pakati pa mapiri, kumene chilombo choopsa chimene anakumanapo nacho chinali galu wa mkulu wina wogulitsa nyama. Dzina lawo lenileni linatsalira pa chiphaso. Kwa zaka zoposa makumi awiri analemba mayina a magolosale, mawu anzeru a kumbuyo kwa malole, ndi mitanda ya kumanda. Anali ndi lamulo limodzi, ndipo ankalinyadira: wolemba zikwangwani safunsa. Akakuuza kuti ulembe "Mazira a Lero", umalemba, ngakhale fungo la mazirawo likukutulutsa misozi.

"Ine mundifunse za chilembo chokhota," ankatero. "Zimene chikwangwani chikunena, mukafunse mwini wake."

Kenaka kunabwera makina osindikiza zikwangwani pa pulasitiki, ndipo a Bulashi anayamba kuswera pakhonde, mabulashi akuuma m'chitini. Atamva kuti khonsolo ya mzinda wina wa m'mbali mwa nyanja yamchere ikufuna wolemba ndi manja, poti mphepo ya kumeneko imasuwitsa pulasitiki mwezi usanathe, anamanga katundu. Akazi awo, omwe ndi telala, anatsala. Anati ayambe aona ngati mwamuna wawo abwereko ndi miyendo yonse iwiri.

Mzindawo unawalandira ndi thukuta. Malaya ochapa Lolemba ankafika Lachitatu asanaume. Loko wa pachitseko anachita dzimbiri sabata imodzi. Kuseri kwa kanyumba ka lendi kunali ngalande yaikulu, ya madzi obiriwira, osayenda. Tsiku lachitatu a Bulashi anapeza chinthu cha mchira wautali chitagona pakhonde. Anakwera patebulo ndi nsapato zomwe, nayamba kuitana.

Analowa ndi a landilodi, mayi wamkulu wobadwira momwemo, tsache lili m'manja.

"Tsikani bambo, mundithyolera tebulo. Imeneyo ndi ng'azi, yabwerera mazira. Ng'ona siivutika kubwera pakhonde. Imadikira mupite nokha."

Pang'ono ndi pang'ono anaphunzira. Nsapato umayamba waikutumula usanavale. Buledi susiya pazenera, chifukwa apusi a kumeneko sadziwa kuti kuli lendi. Koma pafoni, polankhula ndi akazi awo, a Bulashi ankalankhula ngati chikwangwani.

"Kuno n'kwabwino, mayi. Kamphepo ka kunyanja kokhakokha."

"Kamphepo komwe kanasasula madenga chaka chatha kaja? Wailesi ndimamvera, bambo."

Zoona zake n'zakuti a Bulashi kukhala okha kunawakanika. Lamba anabooleramo mabowo awiri atsopano. Mabatani ankamanga mophonyetsa. A landilodi anawapezapo akufotokozera chitini cha penti za mmene tsiku layendera. Choncho akazi awo atanena kuti abwera kwa masabata awiri kudzaona ndi maso awo, bamboyo anasesa mpaka kudenga.

Mayiwo anafika sabata imene a Bulashi anamaliza kujambula mivi yachikasu ija. Makina awo osokera anabwera nawo m'katoni yomangidwa ndi chingwe, ndipo anaiika pakona osamasula.

"Chingwechi ndimasula ndikakhutira," anatero. "Ndikapanda kukhutira, basi yomwe yandibweretsayi ikudziwa njira. Kamphepo kanuko muzipuma nokha."

Telala saona chipinda ngati anthu ena. Asanamwe n'komwe madzi, anaona mzere wotuwa wozungulira khoma lonse, ukuonekera pansi pa penti watsopano. Anatulutsa tepi, nayeza kuchokera pansi. Unawalekeza pachifuwa.

"Mzere uwu ndi wa chiyani?"

"Chinyezi chabe," anatero a Bulashi, omwe anapaka okha pentiyo atauzidwa, osafunsa.

"Ndi madzi a chaka chatha amenewo," anatero a landilodi ali pakhomo. "A chaka chinacho ali pamwamba pa zenerapo."

A Bulashi anaona kuti nkhani ikupita kuphompho. Anatengera akazi awo pamphambano ya msewu wawo, nawalozera muvi wachikasu, wonyezimira, penti asanaumitsitse.

"Akuluakulu anakonza zonse, mayi. Namondwe akabwera, munthu umangotsata iyi. Ilipo makumi anayi, yonse dzanja langa ili. Taonani nsonga yakeyo."

"Yakongola. Ikupita kuti?"

"Kothawira."

"Tiyeni tikaoneko."

Apa m'pamene a Bulashi anazindikira kuti mivi yawo anali asanaitsatepo. Lole ya khonsolo inkawatsitsa pamtengo uwu lero, pamtengo wina mawa, kapitawo n'kuwaonetsa pamapu mbali yoti muvi uloze. Iwo ankangoona kuti nsonga yaongoka.

Anayenda. Muvi woyamba unawatsitsira kumsika. Wachiwiri unawadutsitsa pagalaja pamene anyamata ankawotcherera mageti. Msewu unkatsikabe. Mayi aja ankayang'ana mapazi awo kenaka amuna awo, ngati mmene amayang'anira kasitomala amene akuumirira kuti sananenepe. Anaoloka kamlatho ka pangalande. Muvi wa makumi anayi unaloza pabwalo lozunguliridwa ndi waya, lomera bango. Pakati pake panali chikwangwani chachikulu, cha malembo ofiira okhala ndi mthunzi wake, ntchito imene a Bulashi anaigwirira m'shedi ya khonsolo masiku atatu: HOLO YOTHAWIRAMO NAMONDWE. MUMALOWA ANTHU 800.

Pansi pa chikwangwanicho panali mwala wa maziko. Pamwalapo panagona ng'ona, kukamwa kuli yasa, ikuothera dzuwa.

"Holo ili kuti, bambo?"

"Chikwangwani chake ndi icho."

"Chikwangwani ndachiona. Malembo ake ngooneka bwino, simunataye luso. Ndiye mvula ikamagwa tidzafunda chimenecho?" Analoza ndi chibwano. "Nanga awo ndi olandira alendo?"

M'mawa mwake a Bulashi anavala malaya a kolala, napita kwa bwana woona za ngozi. Ofesi yake inali pansanjika yachitatu, kumene madzi sanafikeko chikhalire. Bwanayo anamvetsera mwaulemu, akuzunguza cholembera.

"Holo ilipo, bambo. Ili mu gawo lachiwiri la ndondomeko. Mivi ndiyo inali gawo loyamba. Simungamange holo anthu asanadziwe njira yopitira."

"Koma bwana, pali ng'ona."

"Inali m'madzi kapena pamtunda?"

"Pamwala wa maziko."

"Ikakhala m'madzi ndi ya a nthambi ya zangalande. Ikatuluka ndi ya a zanyama. Koma pamwala wa maziko," bwanayo anaganiza kaye, "pamenepo ndi pa a zomangamanga. Lembani fomu iyi, patatu. Muonetse kutalika kwake."

"Ndikaiyeze?"

"Mongoyerekeza. Ndipo bambo, musadzisenzetse katundu wa eni. Inu gawo lanu ndi chikasu."

Mawu amenewa anali lamulo lomwe lija la a Bulashi, litangovala tayi. Anatsika masitepe fomu ili m'manja.

Kunyumba anapeza akazi awo ndi a landilodi akusenda anyezi pakhonde, atagwirizana kale ngati anabadwa bere limodzi.

"Ife akalekale timathawira kusekondale ya pamtunda ija, yosanjikiza," ankafotokoza a landilodi. "Mivi ndi ya alendo."

"Msewu uno alendo ndi angati?" anafunsa telala.

"Kuchotsa ine ndi ogulitsa makala? Onse. Anabwera kudzagwira ntchito kudoko, ndi alendo ngati amuna anuwa."

Telala anapukuta manja pachitenje, nayang'ana a Bulashi.

"Basi yanga ndi ya Loweruka. Koma mivi itatu ya msewu unoyi ikatembenuka n'kuloza kumtunda, tikiti sindidula."

"Mayi, mapu ndi a khonsolo. Ine sindinalembepo chinthu chimene sindinatumidwe."

"Ndiye ndikukutumani."

"Akandichotsa ntchito?"

"Mudzalembanso mitanda ya kumanda. Mukaisiya miviyi mmene ililimu, makasitomala mudzakhala nawo ambiri."

Lachitatu a Bulashi sanadye. Lachinayi anafotokozera chitini cha penti mbali zonse ziwiri za nkhaniyo, koma chitinicho sichinaweruze. Lachisanu anaona akazi awo akupinda zovala n'kumaika m'chikwama mosafulumira, ngati munthu amene sakuopseza ayi. Dzuwa lili paliwombo, anavala ovolosi ya khonsolo, nasenza makwerero. Munthu wa ovolosi akakwera pamakwerero palibe amene amamufunsa. Wapolisi wina anawagwirirako makwererowo pamphambano. A Bulashi anafafaniza mivi itatu, najambula ina yoloza kumtunda, ndipo nsonga zake zinaongoka kuposa zina zonse.

Loweruka basi inapita yopanda telala. Chingwe cha pakatoni sichinamasulidwebe.

Namondwe anafika patapita masiku asanu ndi anayi, cha m'ma teni koloko m'mawa. Kumwamba kunada ngati kunsi kwa mphika. Malata a pagalaja anadutsa pamwamba pa msika ngati mapepala. Ngalande inadzaza, inasefukira, ndipo msewu ndi ngalande zinakhala chinthu chimodzi. Anthu a mumsewu muja anatuluka ndi ana kumsana, mabulangete kumutu, nafika pamphambano. Anaona chikasu msanga, monga inanenera komiti, ndipo anakwera mtunda. Patsogolo panali a landilodi ndi nkhuku ziwiri m'khwapa. Pambuyo panali telala, katoni ili pamutu atakutira ndi pulasitiki, ndi a Bulashi atanyamula mabulashi awo m'thumba la buledi.

Anakhala kusekondale masiku awiri, m'kalasi ya pamwamba, pamodzi ndi apusi asanu amene anafika okha osatsata muvi uliwonse. Mumsewu wawo simunafe munthu. Atabwerera anapeza matope mpaka pazenera, ng'azi ili pabedi, ndi mzere watsopano pakhoma. Mayi aja anatulutsa tepi. Unapitirira wa chaka chatha ndi zala zinayi. Anatuma amuna awo kukatola njerwa, nasanja pakona mpaka kupitirira mzerewo, n'kuikapo thabwa la shelefu. Kenaka anatenga sizasi nadula chingwe.

"Masana makina azikhala patebulo," anatero. "Wailesi ikangotsokomola, akwera apo."

A Bulashi anatuluka panja kukayang'ana ngalande, ati kuona ngati madzi akuphwa. Anakhalako nthawi, akupukuta m'maso ndi kolala.

Sabata yotsatira khonsolo inalengeza kuti ndondomeko ya mivi yachikasu yapulumutsa miyoyo yambiri, ndipo komiti inadziyamikira. Inalonjeza kuti holo imangidwa mvula ina isanagwe, ndi kuti nyama zonse zoopsa zisamutsidwa pasanathe masiku makumi atatu, nthambi zitatu zija zikangogwirizana kuti nyamazo ndi za yani. Tsiku lomwelo a Bulashi analandira kalata ya zidindo ziwiri. Inati pakuyendera kwa akuluakulu papezeka mivi itatu yosemphana ndi mapu, mwina chifukwa cha mphamvu ya mphepo, ndipo ikonzedwe pasanathe masiku asanu ndi awiri.

Anaikonza Lachiwiri. Penti wotsala sanabweze kushedi. Chitinicho chili pashelefu ija, pambali pa ulusi, ndipo makwerero amagona kuseri kwa chitseko. Mumsewumo aliyense akudziwa kuti wailesi ikatchula namondwe, telala amangoti, "Bambo, ovolosi," ndipo mphepo imatembenuzanso mivi.

Papita chaka tsopano. Lamba uja anabwerera pabowo lake lakale. Mwezi watha khonsolo inaona kuti anthu mumzinda achuluka, ndiye inalamula kuti holo ikulitsidwe. A Bulashi analemba chikwangwani chatsopano, cha malembo ofiira okhala ndi mthunzi wake: MUMALOWA ANTHU 1,200. Tsiku limene anakachikhoma, pamwala wa maziko panali ng'ona zitatu.