Alamu Anga Ometa ndi Windo Lachikasu

Alamu anga, mng'ono wawo wa malemu amuna anga, ndi ometa. Babashopu yawo ndi kachipinda kamodzi kuseri kwa golosale. Muli mpando wozungulira womwe unasiya kalekale kuzungulira, galasi lalikulu long'aluka pakona, ndi benchi ya odikira. Kuseri kwa katani, pomwe munthu wanzeru akanasungapo matawulo, pali kompyuta. Ndi chikompyuta chakale cha bokosi pansi pa tebulo, chomwe ofesi ina inataya chifukwa chinkachedwa kudzuka ngati mwana wasukulu m'mawa wozizira. Alamuwo anthu amawatcha a Lumo, ngakhale lumo analisiya kalekale.

Mutu ukatha, wina asanakhale pampando, alamu amalowa kuseri kwa katani kukasintha maonekedwe a mawindo a pasikirini. Anachotsamo zonse zolemera n'kuikamo kapulogalamu kopepuka, komwe ntchito yake n'kuyala mawindo basi: ili likhale apa, ilo likhale apo, mkombero wake ukhale wotere. Kapulogalamuka kalibe tizithunzi toti udinepo. Kamamvera fayilo ya mawu, momwe munthu amalembamo zofuna zake mzere ndi mzere. Ndiye Lolemba, tsiku lopanda makasitomala, alamu amatha kulithera pa funso lakuti mkombero ukhale wobiriwira kwambiri kapena wobiriwira pang'ono. Akazi awo amati ali pamitala ndi bokosi. Malemu ankati mng'ono wawo akhoza kumeta dzira n'kulifunsa ngati lakhutira. Ine ndinkati ndi matenda, ndipo ndimanenabe choncho iwo ali pomwepo.

Ine ndimatayipa pasukulu ya sekondale, makalata ndi zina, koma makamaka mayeso. Ntchito imeneyi ndiyo yalera ana anga awiri chimwalirireni bambo awo. Chakudza sichiimba ng'oma. Ndinayamba kugunda mafelemu a zitseko, kuponda mphaka, kudutsa anthu osawapatsa moni mpaka ena anayamba kunong'ona kuti ndayamba matama. Adokotala anati maso anga akufa kuyambira m'mbali, zomwe zapita sizibwerera, ndipo mankhwala odontheza angochedwetsa. Pakati ndimaona bwinobwino. Ulusi ndimalowetsa pasingano, koma singanoyo ikagwa pansi ndiye yapita.

Kuntchito anandichitira chifundo chomwe chinatsala pang'ono kundimaliza. Ahedi analamula kuti ndipatsidwe sikirini yaikulu kuposa zonse, ndipo aphunzitsi a makompyuta anandikulitsira zilembo mpaka liwu limodzi linkatalika ngati chikhatho. Onse ankaganiza kuti wovutika maso amafuna zazikulu. Koma ine ndili ngati munthu wosuzumira pabowo la kiyi, chinthu chikakula ndimangoona chidutswa. Kamuvi ka mausi kankandisowa kangapo pa tsamba limodzi. Timauthenga tinkatulukira kumakona komwe maso anga safika. Tsiku lina kauthenga kotere kanafunsa ngati ndisunge zomwe ndalemba, ine osakaona ndinazimitsa kompyuta, ndipo ana analandira pepala la masamu lopanda mafunso omaliza. Ahedi sanakalipe. Anandikhazika pansi n'kunena mwaulemu kuti tione mayeso a kumapeto kwa teremu, zikavutanso alemba zoti ndipume chifukwa cha matenda. Ndinatuluka ndikumwetulira, n'kukalirira kuchimbudzi. Ndinali ndi mantha.

Alamu anamva nkhaniyi kwa akazi awo, ndipo anandiitanitsa kubabashopu. Pepani sanandiuze. Anandikhazika pampando wometera, anadontheza sopo pakati pa galasi, n'kundiuza ndiyang'ane pomwepo osasuntha maso. Kenako anayamba kuyendetsa chipeso pagalasipo kuchokera m'mbali, ine n'kumanena ndikachiona, iwo n'kumalemba ndi sopo. Atamaliza panatuluka kabwalo kofanana ndi mbale ya pansi pa kapu ya tiyi. Anakayang'ana nthawi yaitali.

"Dziko lanu lonse ndi ili, alamu?"

Ndinavomera ndi mutu. Anati ngati ndi choncho, mawindo onse asamukira m'menemo.

Ndinamva kwa akazi awo kuti mlungu umenewo alamu anamata timachubu ta katoni pa magalasi a maso akale, n'kumakhala nawo kuseri kwa katani kuti aone monga ndimaonera ine. Anafika nawo mpaka kunyumba, komwe anagubuduza ndowa ya madzi n'kuponda phazi la apongozi awo. Akazi awo anandiuza kuti ndikachira ndidzawalipire ndowa. Ndinawakumbutsa kuti sindichira, ndipo tonse tinaseka mpaka misozi.

Ahedi analola kuti titenge kompyuta yakale yomwe inkangodya fumbi m'chipinda chosungira katundu, ndi kasikirini kake kakang'ono. Alamu anaikamo kapulogalamu kawo kaja, ndipo Lolemba lililonse ndikaweruka ndinkapita kuseri kwa katani. Ankagwira ntchitoyi momwe amametera. Asintha mzere umodzi m'fayilo, ayatsanso mawindo, abwerera m'mbuyo, kenako funso lawo la masiku onse: apa bwanji? Windo lililonse analiphunzitsa kutsegukira pakati, pamlingo wa kabwalo ka sopo, kwina konse kuli bii. Uthenga uliwonse anaulamula kubwera pakati pomwepo, pamwamba pa zonse, ndi kabelu. Mausi anaichotseratu n'kuiponya m'dirowa ya zipeso, ntchito zake n'kuzigawira mabatani, ndipo pa mabatani ofunikawo anadontheza utoto wa zikhadabo wa akazi awo kuti chala chizimva. Mkombero anaika wobiriwira, mtundu wa pamtima pawo. Ine sindinkauona. Nditasankha wachikasu wokhuthala anadandaula ngati ndapempha kuti andimete mpala mbali imodzi, koma anaika.

Tinayambana pa chinthu chimodzi. Pa kompyuta yanga ya kuntchito, kumbuyo kwa mawindo, kunkakhala chithunzi cha malemu, ndipo ndinafuna chikhalenso apa. Alamu anachiika, koma kolala yoyera ya malaya inkaoneka ngati m'mphepete mwa windo, maso anga n'kumasochera. Ndinakakamira kuti ndizolowera. Anandisiya nditayipe tsamba limodzi, ndipo ndinasochera kangapo.

"Alamu, achimwene achoke apa," anatero osandiyang'ana. "Akulepheretsani ntchito."

Ndinawafunsa ngati m'bale wawo wasanduka tsitsi loti asese. Ndinatenga chikwama n'kutuluka, n'kugunda felemu ya chitseko, zomwe zinandikwiyitsa kwambiri. Lolemba lotsatira ndinabwerera ndekha, poti mkwiyo sulipira sukulu ya ana. Kumbuyo kwa windo kunali bii, ndipo palibe anaitchulanso nkhaniyo.

Mlungu wotayipa mayeso unafika kompyuta ili kale pa tebulo langa. Aphunzitsi odutsa ankafunsa ngati sikirini yapsa, poona mdima ndi kawindo kachikasu pakati. Ndinatayipa masamu, sayansi, mbiri, zonse, manja osachoka pa kiyibodi. Kabelu kanalira ndili pa pepala la masamu lomwelo, uthenga uli pamphuno panga, ndipo ndinasunga. Ahedi anawerenga okha mapepala onse. Tsiku lotsekera anaima pakhomo la ofesi yanga n'kunena kuti ntchito ya teremu ya mawa ndi yambiri, ndisachedwe tsiku lotsegulira. Nkhani yoti ndipume ija inathera pomwepo.

Ndinawaimbira alamu pomwepo. Makina ometera ankalira m'foni, ndipo zikomo wanga anamudula pakati. Anati pali batani limodzi sanandiuze, lakumapeto pamwamba kudzanja lamanja, la madontho awiri a utoto. Ndinalipapasa n'kudina.

Pakati pa mkombero wachikasu panatuluka nkhope ya malemu, yodulidwa bwino pamlingo wa kabwalo kanga. Apa m'pamene ndinazindikira kuti chiyambire matendawa, pa chithunzi chachikulu chija ndinkangoona khutu, kenako diso, kenako chibwano. Tsopano anali athunthu nthawi imodzi, akundiyang'ana. Ndinalira osabisa, foni ili kukhutu.

"Mwawaona?" anafunsa alamu, makina atazima. "Taonani m'mbalimo momwe mwalinganira. Ndinameta ine."

Kabwalo kanga kakucheperachepera, adokotala sanandinamize. Ndikachoka kuchipatala ndimadzera kubabashopu, ndikhala pampando wosazungulira uja, alamu atenga sopo ndi chipeso. Akapeza kuti kachepa, Lolemba amabwera kusukulu, achepetsa windo, achepetsanso achimwene awo kuti akwanemo. Ayamba kale kuiphunzitsa kompyutayo kuwerenga mokweza, ati tikonzekere, ndipo takangana kale za mawu ake chifukwa amalankhula ngati munthu wachimfine. Ndimawathokoza alamu anga kuposa momwe ndingathere kunena, ndipo iwo akamva zimenezi amangondiuza ndiyang'ane pa sopo, ndisasunthe maso.