Ludzu la M'makalata a Wamalonda wa Shuga

Chizindikiro choyamba chinali ludzu. Kumayambiriro kwa Okutobala ndinkatha mabotolo atatu a madzi dzuwa lisanafike pamutu, koma kukhosi kuli gwa.

Nthawiyo ndinali pa yunivesite ku Edgbaston, ndikufufuza za moyo wa Mngelezi wina wa zaka za m'ma 1800. Iyeyu ankagula shuga wolimidwa ndi akapolo kuzilumba za Caribbean n'kudzagulitsa kuno kwawo kwa Angelezi. Tsiku ndi tsiku ndinkawerenga makalata ake mulaibulale. Oyambirira ankangonena za zombo ndi nzimbe. A kumapeto, olembera mlongo wake, ankadandaula ludzu losatha, nkhungu m'maso, ndi chilonda cha kuphazi chokana kupola. Zilembo zinkakulirakulira, mizere ikupindika. Kalata yotsiriza inalembedwa ndi dzanja la munthu wina.

Ndinkatuluka kukamwa madzi, n'kubwerera pakalata yomweyo. Buluku linayamba kukhwepa. Manambala a basi ndinasiya kuwaona patali. Sindinauze munthu, ndinkati ndi stress ya thesis.

Lachiwiri lina m'mawa, achemwali anga a Chisomo, amene ndimakhala nawo ku Smethwick ndipo amagwira ntchito ya care, yosamalira okalamba ndi odwala, anandipeza ndikumanga chala cha kuphazi pamene nsapato inandinyula.

"Chilondachi chatha masabata angati?"

"Atatu."

"Vala jekete, achimwene. Shifiti ndikansela, tikupita kuchipatala, ku A&E."

Tinadikira maola anayi, ine ndikusanza. Nesi anandibaya chala, n'kuyang'ana kamakina, n'kubayanso china. Sanamwetulire. "Musadzuke pampandopo," anatero.

Anandiika madiripu awiri, wina wa insulin. Ola lililonse ankabwera kudzayeza magazi. Dokotala anati ndi matenda a shuga a Type 1, ndipo magazi anali atayamba kuwonongeka. "Mukanachedwa masiku awiri, mukanabwera chikomokere."

Ndinagona m'wodi masiku asanu. Asananditulutse anandiphunzitsa kudzibaya pamimba. Ndinadzibaya achemwali atandigwira pachigongono.

Chilonda chinapola mu Januwale, chala chilipo. Maso anayera. Ndimadzibaya kanayi patsiku, ndipo thesis ndinapereka.

Abale anga, ludzu likakana madzi, thupi likamatha popanda chifukwa, imbirani GP, dokotala wanu, tsiku lomwelo. Kuyeza n'kadontho kamodzi ka magazi. Ine ndinali nditawerenga zizindikiro zonse ndi maso anga m'makalata aja, komabe achemwali anachita kundikoka dzanja.