Udzudzu Utasiya Kufa

Anthu ankangomutchula kuti Chimphuno, chifukwa cha chophimba kumaso chimene ankavala popopera mankhwala a udzudzu m'nyumba zawo. Ntchitoyi anaiyamba ndevu zisanamere, ndipo lamba wa thanki anamusiyira chipsera paphewa. Akapopera, amayi ankasesa udzudzu wakufa ngati mankhusu.

Kenako udzudzu unasiya kufa. Ankanyowetsa khoma lonse, koma likangouma udzudzu unkatera pomwepo.

"Mukutithirira madzi, bambo inu," anatero mayi wina wogulitsa makala. "Mankhwala enieniwo mukugulitsa kwa alimi."

Nkhaniyo inamera miyendo. Mwana wa telala atamwalira ndi malungo, telalayo anamudikirira Chimphuno pakhonde n'kumumenya pakamwa ndi simbi. Mano akutsogolo anagwera m'ngalande, anthu akungoonerera. Kuntchito, abwana ake sanafunse n'komwe, anamuvula ovololo pamaso pa anzake. Kunyumba, mlamu wake, amene ankadya pakhomo pomwepo, anati, "Achemwali, mukalambira pa mbava?" Mkazi wa Chimphuno analongedza n'kutenga ana.

Patapita zaka, Chimphuno ali wonyamula katundu pamsika, kuchipinda kwake kunabwera mtsikana wofufuza za malungo, akugwira udzudzu pakhoma ndi kapaipi. Chimphuno anamufotokozera zonse, akubisa pakamwa ndi dzanja.

"Vuto silinali inu, bambo," anatero mtsikanayo. "M'thupi mwa udzudzu muli tinthu togaya zimene walowetsa, timati ma enzaimu. Ndi ta banja limodzi, koma mibadwo ikamapita timachulukana n'kusiyana ntchito, ndipo tina tinayamba kugaya poizoni. Udzudzu wopanda timeneti munaupha. Wotsalawo ndi umene unaswana."

"Ndiye kuti ndinkapopera bwino?"

"Bwino kwambiri."

Tsiku lomwelo anavala malaya ochapa n'kuyenda wapansi kukauza mwana wake wamkazi, yemwe tsopano ankaluka tsitsi m'kasaluni kutsidya kwa tauni. Anaima pakhomo n'kuyamba kufotokoza, koma mawu akuti enzaimu ankamupulumuka m'mpata wa mano, malovu akuthothoka. Atsikana a m'saluni anaseka mpaka kugwirana.

"Ndi ndani ameneyu?" anafunsa mayi amene ankalukidwa.

Mwanayo sanadzutse mutu. "Ndi bambo ena ake osokonekera, amabwerabwera," anatero, akukoka chingwe cha tsitsi. "Pitani, bambo, tili pantchito."

Chimphuno anapepesa, n'kutsika masitepe.