Zimene Foni Inajambula M'munda wa Mpunga

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu chaka chimene mpingo wonse unamva mmene ndimalankhulira pakakhala palibe akuluakulu. Sukulu ndinali nditasiya kale, mu Sitandade 6, nditakangana ndi aphunzitsi pa nkhani yomwe lero sindingathe n'komwe kuifotokoza. Zimene zinanditsalira zinali kwaya ya achinyamata ndi munda wa mpunga wa amalume ku Bwanje.

Mpunga ukayamba kucha, mpheta sizidziwa Sabata. Tonse amsinkhu wanga tinkatandala m'minda kuyambira m'bandakucha, kukoka zingwe za zitini, kukuwa mpaka kukhosi kuuma. Kokonzekera nyimbo kunkafika anthu atatu, mwina anayi. Ena akajomba mwezi umodzi sankabwereranso kutchalitchi, tinkangowaona pa mpira.

Mayi Nachisale, atelala amene ankatiphunzitsa kwaya, anati iwo ndi mbalame salimbana. Anatsegula gulupu pa Watsapu. Ankadzijambula akuimba mawu a tena paokha, a besi paokha, n'kutitumizira, ndipo opanda foni zazikulu ankawathirira mu memore khadi. Aliyense aphunzirire kumunda komweko, adzijambule akuimba, atumize pofika Lachisanu. Woimba bwino ndiye adzatsogolera nyimbo ku msonkhano wa achinyamata ku Kasinje.

Malo amenewo ndinkawafuna mosagona tulo. Anzanga amene anapitiriza sukulu ankawerenga Baibulo kutsogolo ine nditakhala pansi. Ndinkafuna tsiku limodzi lokha adzaime kumbuyo kwanga.

Lachisanu litafika ndinabwereka foni ya amalume. Ndinauza mng'ono wanga Yohane, wa zaka zisanu ndi zitatu, kuti agwire zingwe, asachotse maso pa mpunga. Ndinatsamiritsa foni pa mzere wa dothi m'mbali mwa ngalande, n'kudina pojambulira. Kunkatentha, thope likununkha, thukuta likulowa m'maso, koma mawu anatuluka bwino. Ndili pa ndime yomaliza ndinamva phokoso la mapiko. Mpheta zinali zitatera kumapeto kwa munda, zakuda bii, ndipo Yohane anali atataya zingwe, wayasama kukamwa kundimvetsera.

Zimene ndinamuuza sindingazilembe pano. Ndinamutukwana zoti mwana sayenera kumva, ndinamutcha chitsiru chodya zaulere, ndinamuwomba mbama ziwiri. Kenako ndinathamangira mbalame zija. Pobwera ndinalanda foni m'manja mwake, ndinakwera pachulu pomwe netiweki imagwira, n'kutumiza ku gulupu. Kumvetsera kaye? Bandulo inali pafupi kutha, ndipo ine kudikira sindinabadwe nako.

Pofika madzulo nkhani inali itafika paliponse. Anyamata a pa sitolo ankanditsanzira ndikamadutsa, kuyamba ndi nyimbo n'kumaliza ndi mitukwano ija. Mmodzi anafunsa ngati ndime imeneyo ili m'buku la nyimbo liti. Ndinamutolera mwala, anzake n'kundigwira. Ndinamvanso kuti akulu a mpingo akufuna gulupu itsekedwe, chifukwa mafoni abweretsa zonyansa pakati pa ana. Ndinatuluka m'gulupumo ndekha, n'kuuza amayi kuti kutchalitchi ndatsanzika, aziimba okha oyera mtimawo.

Lolemba Mayi Nachisale anabwera kumunda pa njinga. Sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa kwambiri, chifukwa mayankho ndinali nditakonza kale. Anangondifunsa ngati zimene ndinatumizazo ndinazimvetsera. Ndinati ndikuzidziwa, ndinazilankhula ndine.

"Sindinafunse ngati ukuzidziwa, Daisoni. Khala pansi. Umve mpaka pothera."

Ndinakhala, iwo n'kudina pa foni yawo. Inayamba nyimbo, ndipo inali yokoma, zoona. Kenako panabwera mawu a munthu wina wake, okalipa, othamanga, ngati galu wolumidwa ndi mavu. Ndinkadziwa kuti ndine, koma ndinali ndisanadzimvepo ndili kunja kwa mkwiyo wanga. Mbama zinamveka. Mapazi anga anamveka akuthamanga m'thope. Ndinadzuka, ndikuganiza kuti zatha, iwo anandikoka malaya.

Panali kulira kwapansipansi, kwa mwana amene akuopa kuti akalira mokweza awonjezeredwa. Kenako kukhwekhwereza, foni ikunyamulidwa, kupuma kwake kuli pafupi kwambiri. Ndiye mawu ang'onoang'ono, akuitana munthu amene ali patali:

"Achimwene, foni yanu ikanagwera m'madzi. Ndakugwirirani."

Mayi Nachisale anazimitsa. Anati onse amene akundiseka analekera pa mitukwano, chifukwa ndi pomwe pankawakomera, ndipo akulu a mpingo nawonso analekera pomwepo. Iwo anawapempha kuti amve mpaka kumapeto, ndipo atamva anavomera kuti gulupu isatsekedwe. Za kutsogolera nyimbo ndiiwale, malowo apatsa wina. Koma ngati ndikufuna kubwerera m'kwaya, ndijambulenso nyimbo ija, ndipo wogwira foni akhale Yohane. Akakana, basi.

Kupempha mwana wa zaka zisanu ndi zitatu kunandilemera kuposa thumba la mpunga wauwisi. Masiku awiri ndinkangomuzungulira. Ndinamupangira legeni, analandira osandiyang'ana. Ndinamugawira nzimbe, anadya ali chicheukire kwina. Tsiku lachitatu ndinakhala naye pansi pa msasa n'kunena mawu amene ndinali ndisanauzepo munthu aliyense, kuti ndinalakwa. Anayamba kukumba dothi ndi chala chakuphazi. Kenako anafunsa kuti nanga mbalame zikabweranso iye atagwira foni, wolakwa akhala ndani. Ndinati ine. Anati ndinenenso. Ndinanenanso, ndipo anavomera kugwira foni.

Ku Kasinje ndinapita, ndinaima mzere wakumbuyo, pakati pa anyamata omwe ankanditsanzira aja. Zinandiwawa ulendo wonse, sindinama.

Lero ndine amene ndimathandiza kuyendetsa gulupu ya achinyamata pa mpingo wathu, ndipo mtima wapachala sunandichoke. Akuluakulu amakangana kawirikawiri, ena amati foni ndi imene itasunge ana m'tchalitchi, ena amati ndi imene ikuwatulutsa. Ine ndikamva mkanganowo ndimasowa mbali, chifukwa foni yomweyo inandichititsa manyazi pamaso pa mpingo wonse, n'kundimvetsanso mawu amene khutu langa likanawaphonya. Sabata yatha mnyamata wina anatumiza zachipongwe m'gulupu, anzake n'kumati ndimuchotse. Chala chinafika pa dzina lake. Ndinaika foni m'thumba, n'kubwereka njinga yopitira kwawo, chifukwa ine Mayi Nachisale anandilondola mpaka kumunda pamene ndinali nditadzichotsa kale ndekha.