Tiubweya ta M'mbali mwa Tayala

A Everson anafika kuno ku Doha ali ndi zaka makumi asanu, msinkhu umene anzawo kumudzi amakhala atatopa ndi unkhoswe. Ine ndine Dauda, mlonda wa pa geti la mpanda wina wa nyumba za anthu olemera ku Al Messila, ndipo iwo ndi dalaivala pa nyumba yachitatu kuchokera pa geti langalo. Tsiku loyamba anatsitsa galasi la galimoto n'kundifunsa ngati ndine wa ku Mangochi. Ndinati ndine wa ku Balaka. Anati palibe kusiyana, ife a ku Mangochi ndi a ku Balaka tonse ndife anthu a kuchidikha, phiri timalionera pa kalendala. Ubwenzi wathu unayambira pa chipongwe chimenecho.

Kwawo ndi ku Karonga, koma moyo wawo anaudyera ku Mzuzu pa kabaza, zaka khumi ndi ziwiri pa njinga yakapalasa, zisanu ndi zitatu pa yamoto. Ananyamulapo chilichonse: amayi oyembekezera, mbuzi, matumba a makala, abusa ochedwa ku maliro, ngakhale bokosi lamaliro lopanda mwini. Pa katumba ka mwendo wamanja ali ndi chipsera cha ekizozi. Tsiku lina tikumwa tiyi ku Najma anandiuza chinthu chimene sindinachiiwale. Anati pa zaka zonsezo sanayendetsepo njinga kupita kumene mtima wawo wafuna. Kumbuyo kunkakhala munthu wowagunda pa phewa kuti khotani apa, imani apo.

Bwana wawo dzina lake ndilisiya. Onse a panyumbapo amangoti mudiru, ndiye kuti bwana m'Chiarabu. Anali ndi njinga yamoto yaikulu ngati ng'ombe yapangolo. Lachisanu m'mawa, nyengo yozizira, ankaitulutsa kupita nayo ku Msheireb, kuiimika poonekera, kumwa khofi, n'kubwerako. Ntchito ya a Everson inali kuitsuka ndi kuilowetsa m'galaja injini ili yozima, chifukwa analetsedwa kuiliza. Ine zinkandinyansa. Munthu amene anatsikapo Chiweta mvula ili pamsana, atanyamula mayi ndi mwana wodwala, lero akukankha njinga ngati wilibala.

Mu Januwale mudiru anawaitana. Anali ataonera makanema a dziko la Norway, mapiri ake ndi nyanja zolowa m'zigwa, ndipo anaganiza zokathawira kumeneko kutentha kwa mu Julaye. Khukhi wa panyumbapo anali atamunong'oneza kuti dalaivala wake njinga amaidziwa. A Everson anabwera pa geti nkhope ikuwala, n'kundibwerezera mawu a bwanayo mmene anatulukira: "You plan the road. We go in July, inshallah."

Ndinawafunsa kuti "we" ameneyu ndi ndani. Anandiyang'ana ngati ndafunsa ngati madzi amanyowetsa. Kwa munthu wa kabaza njinga ndi ya anthu awiri, wina kutsogolo, wina kumbuyo. Anali ataganiza kale kuti m'misewu yowongoka aziyendetsa bwana, koma m'makona a m'mapiri bwana adzatopa kapena kuopa, ndipo chiwongolero chidzagwera iwo. Ndinawakumbutsa kuti ngakhale kwathu munthu wodzimva amati "ife tikupita" ali yekha. Ndinawakumbutsanso kuti inshallah ya m'kamwa mwa bwana siifanana ndi ya mu mzikiti. Anaseka, anati a kuchidikha nsanje.

Vuto linali mweziwo. Tchuthi chawo chimabwera kamodzi pa zaka ziwiri, ndipo anali atachipempha cha mu Julaye, chifukwa mwana wawo woyamba, Tusajigwe, ankakwatiwa mwezi womwewo ku Mzuzu. Mudiru anati Julaye wadzaza ndi ulendo, tchuthi chisunthire mu Seputembala. A Everson anavomera. Anayesa kupempha kumudzi kuti ukwati usunthe, koma holo inali itagwiridwa, makadi atasindikizidwa, akuchimuna atakana. Tsiku lomwe anaimbira mwanayo ndinali pomwepo.

"Ndiye andipereka ndani, adadi?"

"Abambo ako aang'ono, a Grayson. Mwayi ngati uwu subwera kawiri, mwana wanga. Ndidzabwera mu September, tidzapanga kaphwando kena."

Mwanayo anangoti chabwino. Mayi ake anatha masabata atatu osayankha foni. Ine ndinawauza a Everson poyera kuti alakwitsa, kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Anandiyankha kuti ana ali nawo anayi, maukwati adzakhalapo ena, koma msewu umenewu ndi umodzi. Mawu amenewo anandinyansa, ndipo mpaka lero amandinyansa, ngakhale ndimadziwa njala imene anachokera.

Koma ntchito anaigwira, zimenezo sindingawalande. Munthu wa kabaza sayamba ndi kukongola kwa malo. Amayamba ndi kufunsa kuti mafuta akathera pati, mvula ikakupezera pati, tayala likaphulika uthandizidwa ndi ndani, ndipo msana wa munthu ungapirire maola angati. Lachisanu lililonse ankakwera basi kupita ku Najma, kukasindikiza mapu pa kashopu ka mafoni, n'kumata mapepalawo pa chikatoni cha firiji. Tikakhala pomwera tiyi ankaonera makanema a anthu amene anayendapo misewuyo, mawu atazimitsa, ndipo kona ikafika thupi lawo linkapendekera limodzi ndi njinga, mpaka tsiku lina anatayira tiyi pa buluku la Mfilipino. Anapempha Mathias, mnzathu wa ku Chipata amene amaperekera zakudya pa hotela ku Msheireb, kuti akapeza mlendo wa ku Norway amufunseko za misewu. Yankho linabwera pa kapepala kopukutira pakamwa: nkhosa zakumeneko zimakonda kugona pa phula chifukwa pamafunda. A Everson anajambula tinkhosa pa mapu paliponse pamene anakayikira.

Pofika mu Meyi ulendo unali utapsa. Masiku khumi ndi asanu ndi limodzi, makilomita zikwi ziwiri ndi mazana atatu, kuchokera ku Oslo, kudutsa ku Bergen, kukwera chakumpoto motsata gombe. Analemba nthawi ya zombo zowolotsa, ndi chochita ngati chombo chakusiyani. Misewu yodutsa pansi pa mapiri anaizemba pamene akanatha, ati munthu sangawoloke nyanja zonsezo kuti akayende mu una ngati mbewa. Tsiku lachisanu ndi chinayi ndilo ankalikonda, la msewu wa makona khumi ndi limodzi okwera phiri m'mbali mwa mathithi. Ankati Gorodi wa ku Livingstonia ali ndi makona ambiri kuposa pamenepo, komanso alibe chitsulo chotchinga kuphompho, ndiye bwana asadandaule. Zonse anaziwerengera kulemera kwa anthu awiri.

Kenako kunabwera katundu: zipewa ziwiri zodzitetezera, chakuda ndi choyera. A Everson anadikira kuti bwana atuluke n'kuyesa choyeracho. Chinawakwana. Kuyambira tsiku limenelo mawu anga anasanduka phokoso la jenereta. Ndikafunsa za chiphaso cholowera m'dzikolo ankati, "Office ikupanga process, iwe Dauda. Khalas, basi, usandisokoneze." Ndikafunsa ngati anawatenga zidindo za zala ankasintha nkhani. Anagula jekete lochindikala pa kaunjika ku Najma, wogulitsa akuwayang'ana ngati wamisala poti kunja kunali kotentha moti dzira likanapsa pa boneti. Mu Juni anasankha okha matayala atsopano, n'kuimirira pa galaja mpaka atamangidwa. Njinga isanakhomeredwe m'bokosi kuti ikwere ndege, analemba manambala a pa mita m'kabuku kawo, chizolowezi cha pa kabaza.

Tsiku la ulendo anadutsa pa geti langa m'mawa, mudiru ali kumbuyo akuseweretsa foni. A Everson anandikwezera chala chachikulu. Nthawi isanakwane ya chakudya chamasana galimoto ija inabwerera. Chikwama chawo chinali pa mpando wakumbuyo, jekete lija lili pamwamba pake. Anatsitsa galasi, koma maso anali kutsogolo.

"Akuti 'we' amanena iwo ndi njinga," anatero. "Akuti ine ndizithirira garden, poti wa maluwa ali pa leave."

Anandiuza pambuyo pake kuti mudiru ataona chikwamacho pa bwalo la ndege anaseka mpaka kugwira m'mimba, osati mwankhanza, koma mmene munthu amasekera mwana amene wavala nsapato za bambo ake. Kunena zoona nkhanza ikanakhala bwino. Munthuyo sanaone n'komwe kuti walakwa. Ndinati imbani kumudzi, mwina tikiti ingapezeke, kwatsala masiku asanu ndi anayi kuti ukwati uchitike. Anati wowapatsa tchuthi ali mu mlengalenga, makiyi a nyumba yonse ali m'thumba mwawo. Ndipo anandigwira dzanja n'kundipempha kuti ndisauze aliyense wa kwathu kuti atsala.

Ukwati anauonera m'kanyumba kanga ka pa geti, Loweruka masana, kudzera pa foni ya mlamu wawo amene ankajambula ku Mzuzu. Kamera ya mbali yawo anaizimitsa, anauza abale kuti netiweki ya ku Norway ndi yovuta m'mapiri. Tinaona a Grayson akulowa m'tchalitchi atagwira mwana dzanja, atavala suti ya a Everson, manja a jekete akufika ku zala. Chithunzi chinkaima, kuyenda, kuimanso. Galimoto zinkabwera pa geti, ine n'kumatuluka kukatsegula, ndipo ndikabwerera ndinkawapeza mmene ndinawasiyira, foni ili m'manja onse awiri. Sanalire. Ine ndi amene ndinapsa mtima, ndinasowa woti ndimutukwane.

Masiku onsewo khukhi ankationetsa zithunzi zimene mudiru ankaika pa intaneti. Apa waima pambali pa njinga, kumbuyo kuli mathithi. Apo wakhala pa njinga, kumbuyo kuli chipale. Pamenepo ndi pomwe tinadziwira ntchito ya zipewa ziwiri zija: chakuda chinali cha masiku a jekete lakuda, choyera cha masiku a jekete loyera. A Everson ankayang'ana chithunzi chilichonse n'kutchula malowo ndi tsiku lake pa mapu. Ankadabwa kuti bwana akuyenda bwanji mwachangu chonchi, komanso nsapato zake zosadetsedwa.

Njinga inabwerako mu Ogasiti. Masana ena, dzuwa lili paliwombo, anabwera kudzanditenga pa geti, ndipo ndinasiya mnzanga kuti andigwirire. M'galaja anali atatsegula bokosi, ndowa ya madzi ili pambali. Anandionetsa kabuku kaja, kenako mita. Pa makilomita zikwi ziwiri ndi mazana atatu aja, njinga inayenda makumi atatu ndi asanu ndi atatu. Kenako anagwada n'kundiuza kuti ndigwire m'mbali mwa tayala. Tayala latsopano limabwera ndi tiubweya ta labala. Ta pakati timatha ukangoyenda pang'ono, ta m'mbali timatha njinga ikamapendekera pa kona. Ta m'mbali tonse tinalipo, kutsogolo ndi kumbuyo, tili njo.

"Njinga iyi sinakhoteko ngakhale kona imodzi," anatero. "Amainyamula pa van, kuitsitsa pojambulira."

Chikatoni cha mapu chinali chotsamira khoma kuseri kwa matayala akale, pamene mudiru anachiponya tsiku lomwe anachilandira. Ofesi yake inangojambula mayina a malo okongola n'kutumiza kwa kampani yoyendetsa alendo. M'mawa wa tsiku limene ndinali m'galajamoli bwanayo anali atawapatsa a Everson mphatso, kopachikira makiyi kokhala ndi kanyama ka nyanga, n'kuwasisita pa phewa kuti msewu wawo unali wabwino kwambiri, chaka chamawa akonze wina, inshallah. Ndinafuna kulavula, koma pansi pa galajapo amakolopa ndi iwo omwe.

Tili chomwecho foni yawo inalira. Anali Tusajigwe, koyamba kuimba yekha chichitikire ukwati. Mawu ake ankamveka mpaka pamene ndinaima. Anati wakhala akuganiza, sakufuna kusunga mangawa, bola ngati adadi anasangalala. Kenako anati amuuzeko mmene kunalili, kuti adziwe chimene chinaposa ukwati wake.

Ndinawayang'ana a Everson. Apa ndi pomwe pakanathera bodza. Iwo anapukuta manja pa buluku, anakhala pa ndowa yovundikira, chala chikuseweretsa tiubweya tija, n'kuyamba kufotokoza tsiku lachisanu ndi chinayi. Anati anadzuka kuli nkhungu, anapeza nkhosa zitatu zitagona pa phula, bwana anachita mantha pa kona yachiwiri n'kuwapatsa chiwongolero. Anatchula makona onse khumi ndi limodzi, lililonse ndi giya yake, ndi pamene madzi a mathithi amakuwaza kumaso. Sanaphonye kanthu. Thupi lawo linkapendekera uku ndi uku pa ndowapo, ndipo mwanayo ankangoti, "Eti adadi? Ndiye kenako?"

Ndinatuluka asanafike pamwamba pa phiri, n'kubwerera ku geti.