Mphesa za Amake Rozi

Ku Kapata, munthu akafuna keke ya ukwati ankamulozera kunyumba kwa aphunzitsi a Boaz Mwanza. Wophika anali mkazi wawo, a Ketilina, amene aliyense ankangowatchula kuti Amake Rozi. Anali mayi wamfupi, woseka ndi thupi lonse, ndipo kuphika makeke anaphunzira ali mtsikana pasukulu ya mishoni. Uvuni wawo unali mgolo wodula pakati, makala pansi, makala pamwamba. M'nyumbamo mowa sunkalowa. A Mwanza anali mkulu wa mpingo, ndipo a Ketilina anafika zaka makumi anayi ndi zisanu asanalawepo ngakhale dontho.

Mu 1994, utatsala mwezi umodzi kuti mwana wawo Rozi akwatiwe, mlongo wa a Ketilina, Andireya, woyendetsa lole, anatulukira kuchokera kumalire a ku Mwami ndi botolo lokulunga m'sokosi.

"Alongo, iyi ndi ramu," anatero Andireya. "Amapanga ndi nzimbe, n'kuthiramo zonunkhiritsa. Wophika wina wa mu hotela ku Beira anandiuza kuti mumaviikamo mphesa zouma masabata atatu. Keke yake siwonongeka ngakhale kutenthe bwanji."

"Iwe Andireya, ukufuna andidule mumpingo?"

"Mowa wake umauluka pamoto. Funsani alamu, si amaphunzitsa sayansi?"

Anawafunsadi. A Mwanza anavula magalasi, anaganiza kanthawi, n'kuvomera kuti buku limatero. Koma botololo likhale kukhitchini, pabalaza lisapondepo.

Ramuyo inali yakuda ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo inkanunkhira shuga wopserera, sinamoni ndi makoko a lalanje. A Ketilina anadonthezera pang'ono pachala n'kunyambita. Poyamba inatsekemera, kenako kamoto kanatsika kukhosi n'kukakhala pachifuwa, osafuna kuchoka. Anatsokomola, misozi ili mbwee, n'kuthira theka la botolo m'mbale ya mphesa.

Patapita masiku khumi, masana, kunabwera mnansi wawo a Magalita, mnzawo wa m'kwaya, kudzathandiza kusefa ufa. Atavundukula mbale ija anapeza mphesa zatupa, zikunyezimira.

"Tilawe imodzi, tione ngati zafewa," anatero a Magalita.

Imodzi sinawauze kanthu. Analawa zapansi, chifukwa mwina zapamwamba n'zosiyana. Kenako anatenga masupuni.

"Asisi, makutu anga atentha," anatero a Ketilina.

"Ine miyendo yapepuka. Taonani tambala uyo, akuyenda ngati a hedimasitala!"

Anaseka mpaka kukhala pansi. Ufa unatayika, iwo n'kumaseka ufawo. A Magalita anayambitsa nyimbo ya ukwati, a Ketilina anamanga chitenje m'chiuno n'kuyamba kuonetsa mmene adzavinire tsiku la Rozi, sefa ali nayo pamutu. Ndi mmene a Mwanza anawapezera pochokera kusukulu, akukankha njinga yawo.

"Amake Rozi, chachitika n'chiyani pano?"

"Palibe, Atate ake Rozi. Si munanena nokha kuti umauluka?"

"Pamoto! Ndinati pamoto!"

"Ndiye wauluka nafe, aphunzitsi," anayankha a Magalita, ndipo awiriwo anagwerananso.

A Mwanza anayesetsa kukwiya, koma milomo inawakanika. Anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Atatha kuseka anatseka geti kuti anthu odutsa asaone, anawaphikira tiyi wowawa, n'kukweranso njinga kukagula mphesa zina kumashopu a amwenye. Zimenezo anaviika okha, ndipo mbaleyo anaitsekera mukabati ya mabuku, kiyi m'thumba.

Keke inatuluka yakuda, yolemera, yonyowa bwino mkati. Paukwati anthu ananyambita mapepala, ndipo chidutswa chimene a Ketilina anasunga m'chitini, n'kumachipaka ramu pang'ono sabata iliyonse, chinafika Khirisimasi chili bwinobwino. Mbiri inamveka mpaka ku Nabvutika. Andireya anayamba kubweretsa botolo kawiri pachaka. A Ketilina anapezanso kuti kasupuni kamodzi kamakometsa nthochi zokazinga, koma atati athireko mu tiyi wa amuna awo pamene anadwala chifuwa, a Mwanza anakana, n'kupempha ndimu ndi jinja basi.

Chaka chotsatira kunabwera a Mwanaamina, mayi wachisilamu wogulitsa nsalu, kufuna keke yomweyo paukwati wa mwana wawo. A Ketilina sanabise.

"Mayi, muja mumalowa mowa. Ndipatseni masabata awiri, ndipeza njira ina."

Anayesa kuviika mphesa mu tiyi wakuda kwambiri, wothira shuga wopsereza, sinamoni, jinja ndi madzi a lalanje. Keke yoyamba inawawa, yachiwiri inatitimira pakati, yachitatu inalimba moti a Mwanza anapempha nyundo. Banja lonse linadya makeke olephera m'mawa ndi masana mpaka kutopa nawo. Yachisanu ndiyo inakhoza. A Ketilina anaisenza okha pamutu mpaka kwa a Mwanaamina, ndipo anabwerako madzulo atavala chitenje chatsopano, manja atawajambula maluwa ngati mkwatibwi.