Ndege imene atate anandisemera

Ndikamva fungo la mtengo wa mukwa wongosemedwa kumene, ndimaona atate atakhala panjerwa kuseri kwa nyumba yathu ya lendi ku Mtendere, ataweramira kamtengo, tizibenthu tofiira tikugwera pamapazi awo. Inali nyengo yozizira, mphepo ikuulutsa fumbi ndi mapepala m'tinjira ta komboni. Atate anali mlonda pasitolo ina ku Kamwala. Ankachoka dzuwa likupendeka n'kubwera m'mawa, ndipo m'malo mogona ngati alonda anzawo, ankatulutsa kampeni kawo kachigwiriro chokulunga ndi mphira. Zidutswa za matabwa ankapempha kwa akalipentala a ku Kalingalinga. Ankasema mithiko, zipande, zipeso, timipando ta ana, kenako n'kusalaza ndi galasi la botolo losweka. Sankagulitsa, ankangogawa. Amayi ankadandaula kuti m'nyumba mwathu mithiko yachuluka kuposa mapoto.

Chaka chimenecho ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo ndinawavutitsa mpaka anavomera kundisemera ndege. Inawatengera milungu iwiri: mapiko, mchira, timawindo toboola ndi msomali wotentha, ndi kathabwa kakutsogolo kozungulira mphepo ikawomba. Pondipatsa anaseka n'kunena kuti za basi tiiwale, pokaona abale kumudzi ku Katete tizikwera imeneyi. Ine pakamwa panga sipankagona nkhani. M'mawa mwake ndinakaima pamzere wa pampopi ndi chigubu changa, n'kuuza azimayi onse amene anali pamenepo: "Batate bapanga ndeke. Bakamba ati tizayamba kuyenda nayo ku Katete."

Palibe amene anaseka. Mayi wina anasuntha chidebe chake kuti chisakhudzane ndi chigubu changa. Sindinkadziwa kuti kwathu kuno ndege yopangira kuseri kwa nyumba, yopita kumudzi popanda tikiti, eni ake ndi afiti.

Komboni ikagwira nkhani siitaya. Anthu anayamba kulumikiza zinthu: munthu wosagona pakhomo, wobwera m'mawa maso ali psuu, wosema zinthu n'kumazigawa ulere, akufunanji m'makhitchini mwa anthu? Mithiko imene atate anagawa ndinayamba kuiona kudzala. Anzanga anasiya kundiitana kukasewera chidunu, ndikafika masewera ankangotha. Eni nyumba yathu, amake Jeni, amene mwendo wawo unali utatupa chiyambire mvula, anati amamva chinthu chikutera padenga, ngakhale tonse tinkadziwa kuti pamalata paja pamatera nkhunda za aneba ndi miyala ya ana osamva. Anaitana amayi n'kuwauza kuti mwezi ukatha tikafune kwina. Tinalipo asanu m'zipinda ziwiri, ndipo ndi mbiri imeneyo panalibe amene akanatilandira mu Mtendere monse.

Chimene chimandichititsa manyazi n'chakuti matenda okayikira atatewo anandigwira inenso. Ndinayamba kuwayang'ana atate ndi diso lam'mbali. Akabwera m'mawa ndinkayang'anitsitsa fumbi la pansapato zawo, ndikudzifunsa ngati linali la ku Kamwala kapena la ku Katete. Ndege ija ndinasiya kuseweretsa. Ndinkaiika pawindo, n'kumadzuka ndikuiyendera ngati wapolisi. Tsiku lina ndinaipeza italoza kukhomo pamene ndinaisiya italoza kukhoma. Mwina anali amayi posesa, koma sindinafunse, ndinangosunga mumtima, mantha ali tho.

Lamlungu lina titabwera kutchalitchi, atate anaitana amake Jeni ndi aneba angapo pabwalo. Amayi anali atayatsa mbaula pakhomo. Atate anaika ndegeyo pansi, anaonetsa kampeni kawo ndi zidutswa zotsala, n'kufotokoza mofatsa kuti ndi chidole cha mwana, ndipo za ku Katete zinali nthabwala chabe. Ena anayamba kugwedeza mitu movomereza, ndipo ndinaona amayi mtima ukukhala pansi. Koma amake Jeni anatembenukira kwa ine.

"Iwe mwana, bana sibanama. Iyi ndeke siinambululukepo?" Ankafuna kudziwa ngati inaulukapo.

Atate anandiyang'ana akumwetulira, ngati munthu amene mlandu wake watha kale. Ine ndinakumbukira za pawindo paja, ndinayang'ana pansi, ndipo ndinati, "Kaya."

Atate sanandikalipire. Anawerama, anatola ndegeyo n'kuiika pambaula, mapiko akutulukira uku ndi uku. Mukwa supsa msanga, choncho tinaima pamenepo nthawi yaitali, aliyense akudikira kuti aone ngati ichite zachilendo. Inangopsa ngati nkhuni ina iliyonse. Itasanduka phulusa atate anafunsa, "Bamake Jeni, manje yapya. Tinkale olo tichoke?"

Tinakhala, zaka zinanso zambiri. Anzanga anabwerera, mithiko ya atate inalowanso m'makhitchini, ndipo amake Jeni anapita ndi mwendo wawo kuchipatala. Atate anapitiriza kusema, koma sanandisemerenso kanthu, ndipo ndikayandikira panjerwa paja ankapinda kampeni n'kuyamba nkhani za sukulu. Aneba aja ndinawakhululukira kalekale, poti iwo sankawadziwa atate. Ine ndinkawadziwa, ndinaona ndi maso anga phiko lililonse likutuluka m'thabwa, koma mawu a pampopi anandikulira kuposa maso anga. Ndinkati ndidzawauza ndikakula, kenako ndinkati ndidzawauza ndikapeza mpata wabwino. Anamwalira ndisanawauze kuti yankho langa linayenera kukhala ayi.